Kuchoka ku Lilongwe pa galimoto mpaka m'chipululu cha Namib, amene munadutsako tithandizeni

Wa_ku_Area25

Moni nonse abale. Ndili ndi funso ndipo ndikufuna mayankho a anthu amene anayendadi njira imeneyi osati zongomva. Achemwali anga amagwira ntchito ku Walvis Bay ku Namibia ndipo akhala akutiitana kalekale, ndiye December uno taganiza zopita pa galimoto chifukwa tilipo anayi ndipo matikiti a ndege a anthu anayi sitingakwanitse. Ndi ineyo, madam, mwana wathu wa zaka 9 ndi alamu anga omwe azindilandira chiongolero ndikatopa. Galimoto ndi Nissan X-Trail yakale ndithu koma injini ili bwinobwino, ndimapita nayo ku Karonga osavuta.

Kukafika ku Walvis Bay sindikuopa kwambiri chifukwa ndamva kuti ndi phula lokhalokha. Chomwe chikundisowetsa tulo ndi chakuti madam akufunitsitsa kukaona milu ya mchenga wofiira ija ya ku Sossusvlei, ndiye nditayang'ana pa mapu ndaona kuti kuchoka ku Walvis Bay pali msewu wa C14 wopita pa malo otchedwa Solitaire ndipo pakati ponsepo palibe tauni, palibe mudzi, palibe filing'i siteshoni, mbee. Ine moyo wanga wonse ndayenda misewu yoti galimoto ikafa pasanathe mphindi khumi pamabwera anyamata kudzakankha kapena wa kabaza woti umutume. Ndiye ndikufunsa, X-Trail ingadutse kumeneko? Madzi ndi mafuta tinyamule ochuluka bwanji? Nanga ikatithera pakati pa chipululu kopanda netiweki, munthu amatani ali ndi mwana? Ngati ndi zoika moyo pachiswe ndiuzeni mosabisa tingokhala ku nyanja basi.

Madala_a_Thiraki

Achimwene, ine ndayendetsa thiraki njira ya Walvis Bay kwa zaka zambiri, ndiye ndiyambe ndi mbali yomwe mukuti simukuiopayo chifukwa imeneyonso imafuna ulemu. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Walvis Bay ndi makilomita pafupifupi 2,800, musaganize zoti muthana nawo masiku awiri, ndi mwana perekani masiku anayi kapena asanu. Mutuluka pa Mchinji kulowa Mwami, Chipata, kuwoloka Luangwa, Lusaka, Livingstone. Ku Zambia konzekerani blue book, kalata ya polisi ya galimoto, inshuwalansi ya COMESA, carbon tax ndi ma toll, komanso ma triangle awiri ndi timapepala tonyezimira toyera kutsogolo tofiira kumbuyo, apolisi a kumeneko amayang'ana zimenezo. Koma dziwani kuti inshuwalansi ya COMESA ija, yomwe amati yellow card, imathera ku Zambia komweko, Namibia ndi Botswana sali mu COMESA. Pa boda ya Namibia mulipira ndalama ya msewu yomwe amati cross border charge ndipo lisiti lake musataye, amalifuna pa ma roadblock komanso potuluka.

Kuchoka ku Livingstone pali njira ziwiri. Ina ndi ya Sesheke kukawoloka Zambezi pa mlatho wa Katima Mulilo womwe unatsegulidwa mu 2004, koma msewu wa pakati pa Kazungula ndi Sesheke nthawi zomwe ndinkadutsa unali maenje okhaokha oti galimoto yaing'ono imalira. Ina ndi kuwoloka pa mlatho wa Kazungula wa 2021 uja kulowa Botswana, Kasane, kudutsa mu Chobe kukatulukira pa boda ya Ngoma, kenako Katima. Boda imaonjezekera imodzi koma matayala amapuma.

Tsono kuyambira Katima ndi pomwe muyambe kuphunzira khalidwe la dziko limenelo. Katima mpaka Rundu ndi makilomita opitirira 500, msewu wowongoka ngati munthu waujambula ndi lula, ndipo kuchoka pa Kongola kufika pa Divundu, makilomita ngati 200, muli mkati mwa paki ya Bwabwata. Njovu zimawoloka nthawi iliyonse, zikwangwani zimati 80 ndipo mverani. Lamulo langa lomwe ndimauza aliyense ndi loti ukaona pampu ya mafuta thira, ngakhale geji ikuonetsa theka. Namibia ndi dziko la ma square kilomita opitirira 800,000 koma anthu ake ndi 3 miliyoni yokha, pomwe Malawi yense ndi 118,000 ndipo kalembera wa 2018 anatipeza tili 17.5 miliyoni, ndiye mutha kuona nokha chifukwa chake mumayenda ola lathunthu osaona munthu. Mukadutsa Rundu kulowera ku Grootfontein pali geti la a zinyama pa Mururani, nyama yaiwisi salola kuti idutse kupita kummwera chifukwa cha matenda a ng'ombe, musavutike kugula nyama ku Rundu. Kenako Otavi, Otjiwarongo, Karibib, Usakos, ndipo mukangodutsa Usakos mitengo imayamba kutha pang'onopang'ono mpaka pofika ku Arandis komwe kuli mgodi wa uranium wa Rössing kumakhala kuli miyala ndi mchenga basi.

Chachikulu kuposa zonse, musayende usiku. Ngoma za kumeneko ndi zazikulu ndipo zimadumphira mu msewu zikaona magetsi, njiri zimadya udzu m'mphepete mwenimweni mwa phula. Ine ndi thiraki ndimaziopa, nanji inu ndi X-Trail.

Za C14 ndinene zoona, ife a mathiraki sitidutsa kumeneko ndipo maganizo anga ndi oti ndi mwana wa zaka 9, mwezi wa December, ndi galimoto imodzi yokha yopanda inzake yotsatana nayo, ine sindingapite. Pafupi ndi Walvis Bay pomwepo pali Dune 7, mulu waukulu kwabasi woti madam akhoza kukwera n'kujambulitsa n'kubwerera kukadya nkhomaliro kunyumba kwa achemwali anu.

Mayi_Nambewe_Windhoek

Zikomo madala, za msewu wa kumpoto mwanena zoona zokhazokha, koma pa C14 ndisiyana nanu pang'ono. Ine ndimakhala ku Windhoek ndipo banja lathu tinadutsa msewu umenewu ndi ana, komanso alendo ochoka kunja amadutsamo tsiku lililonse ndi magalimoto obwereka ena aang'ono kuposa X-Trail. Si msewu woti mwasochera m'tchire ayi, ndi msewu waboma womwe amaupala ndi giledala. Umangofuna kuti munthu akonzeke ndipo asathamange. Ndipo achimwene ndikuuzeni, Dune 7 ndi yokongola inde koma siifanana ndi Sossusvlei ngakhale pang'ono, akazi anu akudziwa chomwe akufuna.

Kuchoka ku Walvis Bay kufika pa Solitaire ndi makilomita ngati 230, mbali yaikulu ndi msewu wa miyala, ndipo pakati palibedi mafuta kapena sitolo. Werengerani maola anayi kapena kuposa. Nyamukani m'mamawa kukangoyera, tanki itadzaza mpaka pakamwa. Poyamba mudutsa m'chifunga ndipo kumazizira moti mufuna juzi, musadabwe, nyanja ya kumeneko ndi yozizira chifukwa cha madzi a Benguela ochokera kummwera ndipo ndi omwewo amapangitsa kuti mvula isamagwe, ku Walvis Bay chaka chonse mvula siifika ndi mamilimita 20 omwe. Tizilombo ndi zomera za kumeneko zimakhalira chifunga chomwecho. Mukangolowa mkati makilomita angapo chifunga chimatha dzuwa n'kuyamba kuswa mtengo, ndipo mu December masana ku Sesriem kumafika madigiri 40.

Malo oti musamale kwambiri ndi awiri, Kuiseb Pass ndi Gaub Pass. Msewu umatsika mokhotakhota kulowa m'chigwa cha miyala, ngodya zake simuona yemwe akubwera kutsogolo, ndiye tsikani ndi giya yaing'ono. Mtsinje wa Kuiseb nthawi zambiri ndi wouma koma mvula ikagwa kumtunda kumapiri madzi amabwera mwadzidzidzi pomwe inu muli pa dzuwa, ndiye musaimike galimoto kapena kugona pa mchenga wa mumtsinje olo mthunzi wake ukhale wabwino bwanji, ndipo mukapeza madzi akuyenda dikirani aphwe. Mtsinje umenewu ndi wodabwitsa, ndi womwe umatchinga milu ya mchenga kuti isapitirire kumpoto chifukwa ukasefukira umakokolola mchenga wonse womwe walowamo, n'chifukwa chake tsidya lina ndi mchenga wofiira tsidya lina ndi miyala yotuwa. Kumunsi kwake kumakhala anthu a mtundu wa Topnaar omwe akhala kumeneko zaka mazanamazana ndi mbuzi zawo ndi chipatso chaminga chija amati nara. Ndipo m'zigwa za Kuiseb momwemo ndi momwe akatswiri awiri a miyala a ku Germany, Henno Martin ndi Hermann Korn, anabisala zaka zoposa ziwiri nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mwana wanu mukamuuza nkhani imeneyo ali pamalopo sadzaiwala. Mukadutsa Gaub mupeza chikwangwani cha Tropic of Capricorn pomwe aliyense amaima kujambulitsa.

Solitaire si tauni, ndi pampu ya mafuta, kasitolo, malo ophikira buledi otchuka ndi apple pie, pokonzera matayala ndi malo ogona basi. Thirani mafuta pamenepo. Kuchoka apo kufika pa Sesriem ndi makilomita ngati 80 ndipo pamenepo ndi pomwe pali geti lolowera ku Sossusvlei. Geti limatsegulidwa dzuwa likamatuluka n'kutsekedwa likamalowa, mumalipira chiphaso pomwepo. Mkati muli phula makilomita 60, mulu wotchuka wa Dune 45 uli pa kilomita ya nambala 45 kuchoka pa Sesriem, koma makilomita asanu omaliza ndi mchenga wakuya ndipo apo ndikupemphani, siyani X-Trail pa malo oimikapo magalimoto mukwere magalimoto a 4x4 omwe amanyamula anthu. Ambiri amatitimira pamenepo. Ku Deadvlei komwe kuli mitengo yakuda youma ija mumayenda wapansi ngati kilomita imodzi pa mchenga, pitani isanakwane 9 koloko, mwana avale nsapato zotseka osati masilipasi chifukwa mchenga umawotcha mapazi, chipewa kumutu ndi botolo la madzi m'manja.

Za madzi, ife timawerengera malita asanu munthu mmodzi pa tsiku, ndiye kwa anthu anayi nyamulani osachepera malita 40 kuti mukhale ndi a tsiku lina lapadera, ndipo muwagawe m'zigubu zingapo kuti chimodzi chikabooka musataye onse. Tengani ndi mapaketi a Thanzi kuchoka kumudzi konko. Mpweya wa kuno ndi wouma kwambiri moti thukuta limauma musanalione, munthu amatha madzi m'thupi osazindikira, mwana muzimumwetsa pafupipafupi asanapemphe.

Pa funso lanu lenileni lija. Galimoto ikafa, khalani pa galimoto. Musatume alamu anu kuti ayende wapansi kukafuna thandizo, kulibe koti akafike ndipo dzuwa la kumeneko limagwetsa munthu wamphamvu m'maola ochepa. Kankhirani galimoto pambali, tsegulani boneti kuti odutsa adziwe, mangani chitenje kapena lona kupanga mthunzi, imwani madzi, dikirani. Pa C14 masana magalimoto amadutsa ndithu ndipo anthu a kuno amaima chifukwa aliyense amadziwa kuti mawa ndi iyeyo. Chomwe chimaika anthu pa ngozi ndi kupatuka kulowa tinjira ta m'mbali komwe kungathe tsiku osadutsa munthu, ndipo tinjira timeneto m'paki ya Namib-Naukluft timafunanso chiphaso chapadera. Kutuluka mu msewu n'kumayendetsa paliponse ndi koletsedwa, mapazi a matayala pa nthaka ya kumeneko amakhala zaka makumi osafufutika. Musananyamuke auzeni achemwali anu njira yomwe mudutse ndi nthawi yomwe mukuyembekeza kufika, ndipo mugwirizane kuti ikakwana nthawi yakuti musanaimbe ayambe kuimbira malo omwe mukagone. Gulani simu ya MTC, pa Solitaire ndi Sesriem imagwira koma pakatipo musadalire, mapu muwasunge mu foni musanachoke.

China, December ndi nthawi ya tchuthi kuno, malo ogona ku Sesriem amadzaza, bukani panopa. Ndalama musavutike, rand ya ku South Africa imayenda chimodzimodzi ndi dola ya Namibia, koma khalani ndi kashi pang'ono chifukwa makina a khadi kumidzi nthawi zina netiweki imawathawa.

Jay_wa_ku_Ndirande

Ine ndikuona ngati nkhani ya kutenthayo ndi yosavuta man, bwanji osangonyamuka usiku cha m'ma 10 kuti muzidutsa kukuzizira, injini siitentha, matayala satentha, mwana akugona, kukamacha muli pa geti kale. Ife popita ku Joni timayenda usiku bhobho.

Mayi_Nambewe_Windhoek

Ayi achimwene chonde musawauze zimenezo. Msewu wa ku Joni ndi phula ndipo mabasi ndi mathiraki amadutsa usiku wonse. Pa C14 usiku simukumana ndi aliyense, tayala likaphulika pa Kuiseb 1 koloko ya usiku muli nokha mpaka kuche. Komanso nyama za m'chipululu, ma oryx, mbidzi, ma springbok, zimayenda usiku chifukwa masana kumatentha, ndipo oryx ndi chinyama cholemera chokhala ndi nyanga zazitali zosongoka. Ngodya za m'mapiri zija ndi maenje a mchenga simungazione bwino ndi magetsi. Kunyamuka 6 koloko m'mawa kumakwanira, pofika 11 muli pa Solitaire.

Makaniko_Biwi

Bwana a ku Area 25, ine ndilankhule za galimotoyo poti ndiyo ntchito yanga, ndipo ndinaperekezapo kasitomala njira imeneyo. Ine ludzu sindiliopa kwambiri ngati mwanyamula madzi monga mayiwa anenera. Chomwe ndimaopa ndi liwiro. Msewu wa miyala wa ku Namibia ndi wotakata komanso wowongoka, umakunyenga kuti ponda, umapezeka uli pa 110 osadziwa, kenako wakumana ndi ngodya kapena mulu wa timiyala tomwe giledala inasiya m'mbali, kumbuyo kwa galimoto kwayamba kuvina, iwe mwamantha waponda buleki mwamphamvu n'kukhotetsa chiongolero, basi galimoto yagubuduzika. Ngozi zambiri za alendo kumeneko zimachitika choncho, galimoto imodzi yokha popanda kugundana ndi wina. Musapitirire 80, ndipo ine ndi banja m'galimoto ndingayende 60 mpaka 70. Ikayamba kutsetsereka chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, gwirani chiongolero ndi manja awiri, musalimbane nayo. Aliyense amange lamba ngakhale a kumbuyo. Magetsi akhale oyaka masana omwe kuti akuoneni m'fumbi, ndipo musapitirire galimoto inzanu muli m'fumbi lake chifukwa simukuona chomwe chikubwera. Wina akamabwera kutsogolo chepetsani liwiro n'kusendera kumanzere, miyala yothawa ku matayala ake imaswa galasi.

Matayala ndiye nkhani yaikulu. Ngati muli ndi matayala a kaunjika omwe tinazolowera kugula kuno, asintheni musananyamuke, miyala ya ku Kuiseb ndi yakuthwa imang'amba m'mbali mwa tayala pomwe sipamatika. Sipeya zikhale ziwiri zenizeni, osati kaja kakang'ono kongofikira pa galaja. Yesani jeke ndi sipanala ya mawilo muli kunyumba, muone ngati manati onse akumasuka, ndipo tengani kathabwa kolimba koika pansi pa jeke chifukwa pa mchenga imamira. Gulani kapampu ka magetsi kolumikiza ku batire ndi geji yake ndi timapulagi tomatira. Mukalowa pa miyala phwetsani mpweya pang'ono, cha m'ma 1.8 bar pa geji, galimoto imagwira bwino pansi ndipo mabampu ang'onoang'ono aja sakugwedezani kwambiri, mukabwerera pa phula popani msanga.

Mabampu amenewo amamasula chilichonse, ndiye musanapite onetsetsani mashokapu, ma bush, zomangira batire ndi ekizozi. Mbali ya madzi a injini ndiyo isakhale ndi chikaiko ngakhale pang'ono, rediyeta itsukidwe, mapaipi akale asinthidwe, chotsekera rediyeta chikhale chatsopano, fani izizungulira bwino, ndipo nyamulani fanibeluti yapadera, oilo, ma fuse, waya ndi malita asanu a madzi a galimoto osiyana ndi akumwa. Geji ya kutentha muziiyang'ana pafupipafupi makamaka pokwera Gaub. Ikakwera zimitsani AC, imani, ndipo musatsegule rediyeta ili yotentha, dikirani izizire kaye, madzi ake amasenda nkhope. Sefa ya mpweya muziigugudza madzulo aliwonse. Ngati X-Trail yanu ndi ya giyabokosi ya otomatiki yomwe amati CVT ndiye mawu a mayi aja oti musalowe nayo mumchenga wakuya muwagwiritsitse, imatentha msanga ikamavutika.

Mafuta, tanki yodzaza imakwana 230 popanda vuto, koma chigubu chachitsulo cha malita 20 sichipweteka, mungodzaza mukafika ku Namibia konko osati kudutsa nacho m'maboda chili chodzaza.

Wa_ku_Area25

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Takambirana ndi madam ndi alamu usiku wathawu ndipo tagwirizana kuti tipita koma motsatira zomwe mwanenazi, usiku sitiyenda, ndipo achemwali anga ati mnzawo wa kuntchito ali ndi Hilux ndipo akufuna kupita ndi banja lake ndiye tikhala magalimoto awiri, madala a thiraki ndikhulupirira apo mtima wanu utsika. Galimoto ndikuipititsa ku galaja sabata ino ndipo matayala ndigula atsopano onse. Funso lomaliza, pobwerera tikuganiza zosabwereranso ku Walvis Bay koma kutulukira ku Windhoek kenako Botswana kuti tione njira ina, zili bwanji kumeneko?

Madala_a_Thiraki

Magalimoto awiri ndiye ndavomera achimwene, muziyenda motalikirana kuti wakumbuyo asamadye fumbi koma wakutsogolo aziima pa mphambano iliyonse kudikira mnzake.

Njira ya Botswana ndi yabwino, ndi phula. Windhoek kupita Gobabis makilomita ngati 200, kenako boda ya Buitepos, mbali ya Botswana amati Mamuno, apo mwalowa mu Kalahari pa msewu wa Trans-Kalahari womwe unatsegulidwa mu 1998. Kalahari si mchenga wopanda kanthu ngati Namib, kuli udzu ndi zitsamba, ndipo vuto lake ndi lomwelo chifukwa ng'ombe, abulu, mbuzi ndi nthiwatiwa zimangoyendayenda mu msewu wopanda mpanda. Kuchoka pa boda kufika Ghanzi ndi makilomita opitirira 200, thirani pa Gobabis ndi pa Ghanzi, kenako Maun, kenako Nata kudutsa m'mbali mwa Makgadikgadi, mtunda uliwonse pamenepa ndi pafupifupi 300. Mupeza mageti a zinyama pomwe nthawi zina amakutsitsani kuti muponde mankhwala ndi nsapato zonse, musakangane nawo. Nata kupita Kazungula ndi 300 inanso ndipo njovu za pamenepo ndi zambiri kuposa za ku Bwabwata, mafuta pakati ali pa Pandamatenga pokha. Gonani pa Nata, munyamuke kutacha, ndipo mufike pa mlatho masana kuti mapepala a Zambia muthane nawo dzuwa lisanalowe n'kukagona ku Livingstone.